Desiki ya agogo: musaipale musanaonere vidiyo iyi

[Pakhonde la nyumba ina ku Matawale. Wofotokoza waima pambali pa desiki yoderako, dilowa imodzi yasololedwa.]

Moni nonse amene mukuonera. Lero tili kuno ku Zomba, ndipo chandibweretsa ndi desiki iyi. Eni ake akuti inali ya agogo awo, omwe anali kalaliki wa boma nthawi ya atsamunda. Sabata yatha anatsala pang'ono kuitumiza kwa kalipentala kuti akaipale ndi sandipepa, aipake vanishi, iwale ngati yatsopano. Ndinachita kuwagwira mwendo kuti adikire kaye.

Musadabwe kuti katundu wotere amapezeka kuno. Zomba linali likulu la dziko kuchokera nthawi ya Harry Johnston mu 1891 mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe. Zaka zoposa 80 makalata a boma ankalembedwa m'tsinde mwa phiri ili, ndipo kalata salembera pabondo. Maofesi atasamuka, si mipando yonse inakwera lole.

Ife tikamva za okushoni timaganiza za fodya ku Limbe kapena ku Kanengo. Kunja kuli nyumba za okushoni zogulitsa katundu wakale, monga Sotheby's yomwe inayamba mu 1744 ndi Christie's ya mu 1766, zonse zinayambira ku London. Katunduyo amamupatsa nambala, amamujambula, n'kulemba mtengo woyerekeza. Mwini wake amagwirizana nawo mtengo wachinsinsi woti asatsike kupyola pamenepo. Ogula amapikisana mpaka wogulitsa amenye kahamala. Koma ndalama yomwe yatchulidwa pomenya hamala si yomwe wogula amalipira. Pamwamba pake amawonjeza gawo la nyumba ya okushoniyo, lomwe masiku ano limafika kotala ya mtengowo kapena kupitirira. Nayenso mwini katunduyo amamudula yake. Nyumbayo imadyera mbali zonse ziwiri.

Kuti chinthu chitchedwe chakale pamalonda amenewa, kawirikawiri chimafunika kukhala ndi zaka 100 kapena kuposa. Madesiki ake ndi amitundumitundu. Pali Davenport, kadesiki kakang'ono kotsetsereka pamwamba, madilowa ake ali m'mbali. Pali ya chivindikiro cha timatabwa chomwe chimapindika ngati mphasa. Palinso yaikulu yomwe anthu awiri amakhala moyang'anizana. Koma mtundu si umene umakweza mtengo kwambiri.

Mu 2008, ku Christie's kunagulitsidwa desiki ndi mpando wa mlembi Charles Dickens pa mapaundi 433,250. Desikiyo ndi ya mtengo wa mahogany, wachibale wa mbawa yathu, ndipo ina yofanana nayo yopanda mbiri singafike ngakhale pafupi ndi pamenepo. Anthu analipira chifukwa panali umboni wosonyeza amene ankalemberapo ndi manja omwe inadutsamo. Ndiye funso loyamba kwa eni desiki ino silinali lakuti inapangidwa ndi matabwa a mtengo wanji. Ndinafunsa kuti: kodi chithunzi cha agogo atakhala pamenepa chilipo? Kalata yowalemba ntchito? Lisiti?

[Kamera iyandikira pa dilowa. Wofotokoza ayitembenuza.]

Tiyeni tione zomwe desikiyo ikunena yokha. Onani pakona apa, pomwe matabwa alumana ngati mano. Akakhala kuti anadulidwa pamanja, manowo safanana: lina lonenepa, lina lowonda, ndipo mumaona kamzere kopyapyala komwe mmisiri anajambula asanayambe kucheka. Makina amadula mano ofanana ndendende. Pansi pa dilowa pakhale thabwa lenileni, osati pulayiwudi. Gwiraninso m'mphepete momwe dilowa imatsetsereka. Apa papereseka mpaka pachita kankhwawa. Zimenezi kalipentala sangazipange Loweruka limodzi, zimafuna zaka zotsegula ndi kutseka.

Loko nayenso amalankhula. Ena amakhala ndi dzina la kampani monga Chubb kapena Bramah. Mukaona mabowo pomwe palibe chogwirira, dziwani kuti zogwirira zoyamba zinachotsedwa.

Kuda uku, madontho a inki awa, ndi apa pomwe chigongono cha agogo chinafufutitsa mtundu wa thabwa, ndi zimene ogula amafuna kuona. Sandipepa amachotsa zonsezi m'maola awiri, ndipo sizibwereranso. Malume anga anachitapo zimenezi ndi tebulo la mkungudza wa ku Mulanje. Analipala bwinobwino, n'kulipaka penti wobiriwira wotsala pazitseko. Mpaka lero nkhaniyi sitiikamba pamaliro.

Mdani wina ndi chinyezi cha kuno ku Zomba, chiswe ndi tizilombo tofumbula matabwa. Yalani pepala pansi pa desiki usiku. Mukapeza kaufa koyera m'mawa, tizilomboto tikadali m'kati.

[Wofotokoza atulutsa tizinthu m'dilowa n'kutiyala pansalu.]

Tsopano tinthu iti, tomwe ambiri amataya posesa. Aka ndi kabotolo ka inki. Amene munaphunzira kale mukukumbukira madesiki a kusukulu okhala ndi bowo pakona: munkalowa kabotolo kotere. Ichi ndi cholembera chonyika mu inki, ichi chopukutira inki kuti isafalikire, ndipo aka ndi kampeni kotsegulira maenvelopu. Pa okushoni tinthu iti nthawi zina timayenda msanga kuposa desiki, chifukwa timakwana m'kabokosi.

Chikakhala chowala ngati siliva, chitembenuzeni. Siliva weniweni wa ku England amakhala ndi tizizindikiro todinda: kamkango koyenda kamatanthauza kuti magawo 925 mwa 1,000 ndi siliva. Nangula akusonyeza Birmingham, mutu wa kambuku ndi London, ndipo chilembo chimodzi chimaimira chaka. Mukawerenga EPNS, mtima m'malo: ndi chitsulo chongokutidwa siliva pamwamba, mtengo wake ndi wochepa.

Chenjezo limodzi lalikulu. Timipeni tina ta makalata ndi zogwirira zolembera tinasemedwa ndi mnyanga wa njovu. Malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989, dziko la Britain linakhwimitsanso lamulo lake mu 2022, ndipo kuno kwathu mnyanga umamangitsa. Musayerekeze kukaika pa Facebook kuti mukugulitsa.

Ndisakunamizeni kuti mwalemera. Mitengo ya madesiki akuluakulu akale inatsika kwambiri ku Ulaya, chifukwa nyumba zinachepa ndipo anthu amalembera pa laputopu. Kutumiza desiki iyi ku London kungadye ndalama zoposa zomwe ingagulidwe. Ine ndikuona kuti malo ake ndi konkuno.

Eni ake ndawauza zochita zitatu zokha. Aipukute ndi nsalu youma n'kuipaka phula la njuchi pang'ono. Aichotse pafupi ndi khoma lomwe limanyowa nthawi ya dzinja. Ndipo akhale pansi ndi azakhali awo, omwe akukumbukira ofesi yomwe agogo ankagwira ntchito, alembe zonse papepala, dzina, ofesi ndi zaka, aliike m'dilowa ya pamwambayi.

[Wofotokoza abwezera dilowa. Ikakamira pakati, ayikankha ndi bondo.]