Mphesa za munda uno zisakumane ndi za munda uwo

Mphwanga, wadzuka bwanji? Ndamva kuti Lolemba ukuyamba ntchito ku cellar, kumene amapangira vinyo, osati m'munda ayi. Ndiye tchera khutu, uthengawu ndi wautaliko, uzimvera uli m'takisi. Kuno ku South Africa mphesa amathyola kuyambira chakumapeto kwa Januwale mpaka mu Epulo, ndipo nyengo imeneyi palibe amene akhale nawe pansi kuti akufotokozere. Angokupatsa paipi m'manja, basi.

Ukatenga botolo la vinyo wa kuno ku South Africa, ambiri alembedwa kuti W.O. kapena Wine of Origin, kenako dzina la malo: Stellenbosch, Paarl, Swartland, Robertson, ndi ena otero. Dongosolo limeneli linayamba mu 1973 ndipo ndi lamulo la boma. Pa nkhani ya malo silinyengerera ngakhale pang'ono. Akalemba Stellenbosch, mphesa zonse, 100 peresenti, zikhale zolimidwa mkati mwa malire a Stellenbosch. Kreti imodzi yokha ya ku Robertson ikalowa m'thanki imeneyo, thanki yonse yaluza dzina. Vinyoyo ali bwinobwino, akumweka, koma sangatchedwenso Stellenbosch, ndipo ndalama zambiri zapita pamenepo. Paja kwathu munthu amathira mpunga wamba pansi pa thumba, pamwamba n'kuwaza Kilombero, n'kugulitsa lonse ngati la ku Karonga. Kuno zoterezi amazigwira m'mabuku, vinyoyo asanafike n'komwe pakamwa pa munthu.

Malowa ali m'magawo, laling'ono mkati mwa lalikulu. Pansi pali ward, monga Jonkershoek Valley kapena Simonsberg-Stellenbosch. Pamwamba pake district, ndiye Stellenbosch yemweyo. Kenako region, monga Coastal Region, ndipo pamwamba pa zonsezi Western Cape. Usati ndikukuphunzitsa mapu chabe. Kusakaniza n'kololedwa, koma ukasakaniza, dzina limakwera. Vinyo wa ku Stellenbosch ndi wa ku Swartland akakumana, botolo lilembedwa Coastal Region, poti onse awiri ali m'menemo. Mukathiramonso wa ku Robertson, amene ali ku Breede River Valley, ndiye kwatsala Western Cape basi. Kubwerera pansi sikutheka. Ndipo woganiza zosakanizazo ndi wopanga vinyo wamkulu, atakonza kale mapepala ake. Iwe ayi, kapitawo ayi.

Tsono pali nambala ina imene imasocheretsa anyamata, 85. Botolo likalembedwa mtundu wa mphesa, kaya Chenin Blanc kaya Pinotage, vinyo wosachepera 85 peresenti akhale wa mtundu umenewo. Likalembedwa chaka, chimodzimodzi, 85 peresenti akhale wa mphesa zokololedwa chaka chimenecho. Ena akamva zimenezi amati aaa, ndiye kuti pali mpata wa 15, kuthirako pang'ono palibe vuto. Mpata umenewo si wako, mphwanga. Mwini wake anauwerengera kale mpaka lita yomaliza, mwina anaugwiritsa kale ntchito iwe usakudziwa. Komanso mpatawo ndi wa mtundu ndi chaka basi, pa malo palibe. Izi zimavuta kwambiri podzadzitsa migolo. Vinyo akakhala mumgolo amachepa pang'onopang'ono, ndiye mumayenda kudzadzitsa kuti mpweya usalowe. Udzadzitse ndi vinyo yekhayo amene wakuuza, ngakhale wina wofanana naye mtundu ali pafupi ndipo woyenerayo ali kutali kumapeto kwa chipinda. Yenda, miyendo ndi yako.

Akakuika polandirira mphesa, thirakita ikafika usathamangire kukhuthula. Yamba waona kapepala: munda uti, buloko nambala chani, mtundu wanji, sikelo yati chani. Kapepala kakasowa, katunduyo aime pambali mpaka wamkulu abwere, dalaivala akalipe mmene angakalipire. Mukamaliza mphesa za munda umodzi, makina ofinyira, pampu ndi mapaipi zitsukidwe zina zisanalowe. Paipi yaitali imasunga vinyo wambiri mkati kuposa mmene ungaganizire. Usanatsegule vavu, tsata paipiyo ndi dzanja kuchokera pa thanki iyi mpaka pa thanki iyo, uwerenge nambala mbali zonse ziwiri. Usiku, munthu utatopa, 16 ndi 19 zimafanana.

Chilichonse chimene wasuntha, lemba nthawi yomweyo: chachoka thanki iti, chapita iti, malita angati. Osati ndilemba ndikamaliza. A bungwe la SAWIS, limene limaonetsetsa kuti malamulo a W.O. akutsatidwa, amabwera kudzayendera, ndipo ntchito yawo ndi kufananiza matani a mphesa amene analowa ndi malita amene ali m'matanki ndi amene alowa m'mabotolo. Zikapanda kugwirizana, vinyoyo sapatsidwa chidindo chomuvomereza mpaka nkhaniyo imveke. Ndipo ukalakwitsa, nena pompo. Vavu ikatsekedwa msanga, mwina thanki imodzi ipulumuka, pomwe ukabisa, vinyo uja apitiriza kuyenda n'kuipitsa mabuku a matanki enanso.

Ukaona thanki kapena migolo yolembedwa single vineyard, pamenepo ndiye usamale kawiri. Ameneyo ndi vinyo wa munda umodzi wolembetsedwa, wa mtundu umodzi wa mphesa, wosapitirira mahekitala 6. Amakhala wochepa, wodula. Estate wine ndi wa mphesa zolimidwa pamalo amodzi olembetsedwa, vinyo n'kupangidwa pomwepo, kuthiridwa m'mabotolo pomwepo.

Kumbali ya malebulo, mwina sufikako msanga, koma dziwiratu. Vinyo asanalandire kachidindo kaja ka pakhosi pa botolo, amapimidwa ku labotale ndipo gulu la akatswiri limamulawa. Akhoza kumukana. Lebulo nayo imayenera kuvomerezedwa isanamatidwe. Kachidindoko kali ndi manambala amene munthu angathe kutsata nawo botololo mpaka kumunda, ndiye si kapepala wamba. Kakang'ambika pa makina usataye m'bini, usaike m'thumba, pereka kwa kapitawo. Musanayambe kumata, tenga botolo loyamba uwerenge ndi maso ako: chaka, mtundu, malo, mphamvu ya mowa, mawu aja oti Contains sulphites, ndi chenjezo la zaumoyo. Vinyo mmodzi yemweyo amakhala ndi lebulo ya msika wa kuno ndi ina ya kunja, ndipo zikakhala pa shelefu zimaoneka ngati zofanana. Ine pamenepa ndimaona kuti mabwana ambiri amapanikiza anthu liwiro mosayenera, chifukwa kumatula malebulo pa mabotolo odzaza phaleti kumadya tsiku lonse, pomwe kuwerenga botolo loyamba ndi mphindi imodzi.

Mayina enanso ndi a eni ake kunja. Vinyo wa thovu uja usamutche Champagne pamaso pa alendo, dzina limenelo ndi la dera la Champagne ku France lokha. Wa kuno wowiritsidwa kachiwiri m'botolo amatchedwa Cap Classique, dzina limene anayamba kuligwiritsa ntchito mu 1992. Port, vinyo wotsekemera wamphamvu uja, ndi wa ku Portugal, ndiye wa kuno uona alembedwa Cape Ruby, Cape Tawny kapena Cape Vintage.

China, chosakhudza lebulo koma chokhudza moyo wako. Vinyo akamawira amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi maso, umakhazikika pansi m'thanki ndipo umapha. Usalowetse mutu m'thanki, usalowemo wekha, ngakhale akuuze kuti ndi yopanda kanthu. Ayambe apima mpweyawo, ndipo wina aime panja akukuyang'ana.

Jombo kawirikawiri amapereka konko, koma ufunsiretu. Utenge juzi, m'chipinda cha migolo mumazizira ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo. Utengenso bolopeni ziwiri, imodzi idzagwera m'madzi. Ukaweruka Lolemba undiimbire, undiuze mbali imene akuika.