Mawu a M'mawa: Buledi Anatsala mu Uvuni

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero tiwerenge Luka 13:1-5.

M'chaka cha 79, phiri la Vesuvius ku Italy linaphulika n'kukwirira matauni a Aroma a Pompeii, Herculaneum ndi Stabiae. Anthu ankalikonda phirilo, ankalima mphesa m'mphepete mwake chifukwa nthaka inali yachonde. Chivomezi chinawagwedzapo m'chaka cha 62, moti nyumba zina anali akuzikonzabe pamene tsikulo linafika. Phulusa ndi timiyala zinagwa usana ndi usiku, madenga n'kumaphwasuka, kenako mtambo wotentha unatsika phiri mwaliwiro n'kumaliza onse amene anatsala. Pompeii inagona pansi pa phulusa mpaka anthu atayamba kuifukula mu 1748.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi buledi. Pamalo ena ophikira, ofukula anapeza mabuledi 81 ali mu uvuni, atasanduka makala, koma akuonekabe kuti ndi buledi, wozungulira, mizere yodulira ili pomwepo. Taganizani, abale. Munthu analawira mbandakucha, anakanda ufa, anasonkha moto, mumtima akuwerengera ogula amene abwere ndi ngongole imene abweze madzulo. Sanalakwe kugwira ntchito. Anachita zimene ambirife tikukachita tikangomaliza kuwerenga mawu ano. Bulediyo anapsa, womuphula panalibe.

Ku Herculaneum anapeza mafupa a anthu pafupifupi 300 m'tinyumba tosungira mabwato m'mphepete mwa nyanja. Amuna, amayi ndi ana anathawira kumeneko, maso ali kunyanja, kudikira wowaolotsa.

Tikamva zotere, pakamwa pamafulumira kunena kuti anali achikunja, Mulungu anawalanga. Mawu amenewa ndinawamvanso ndi makutu anga pamene matope a namondwe Freddy anatsika phiri la Soche n'kukwirira abale athu ku Chilobwe mu 2023, ndipo mtima unandiwawa kwambiri. Yesu anaikana nkhani imeneyi poyera. Anafunsa za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ngati anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, n'kuyankha yekha kuti iyayi. Chala chimene omverawo analozera akufa, Iye anachibwezera kwa iwo eni kuti alape.

Komanso musaiwale, Paulo popita ku Roma ali mkaidi anatsikira pa doko la Puteoli, m'mbali mwa nyanja yomweyo, pafupifupi zaka 20 phiri lisanaphulike. Machitidwe 28:13-14 akutiuza kuti anapezako abale n'kukhala nawo masiku 7. Uthenga unali utafika kale m'dera limenelo, ndipo utsi wa Vesuvius unaoneka kwa opemphera ndi osapemphera chimodzimodzi.

Panali mkulu wina wa asilikali a pamadzi dzina lake Pliny, amene ankakhala ku Misenum, kutsidya kwa nyanjayo. Ataona utsi n'kulandira uthenga wopempha thandizo, anatulutsa zombo kulowera komwe ena ankathawa. Anafera ku Stabiae. Mwana wa mlongo wake, amene pa nthawiyo anali mnyamata wa zaka 17, ndiye anadzalemba zonse m'makalata. Mkuluyu sanali Mkhristu, koma sanakhale pakhonde n'kumafunsa kuti anthuwo achimwa chiyani. Zimenezi zimandichititsa manyazi ine wonyamula Baibulo.

Tiyeni tipemphere. Atate, zikomo potidzutsa. Pali amene ndinakangana naye ndipo ndakhala ndikunena kuti ndidzamuona mawa. Ndipatseni mphamvu ndimuimbire foni lero. Tsekani pakamwa panga ndikafuna kuweruza ogwa m'tsoka, mutsegule manja anga. Kumbukirani amasiye amene mpaka pano sanapeze matupi a okondedwa awo. Dalitsani amayi amene akusonkha moto m'mawa uno, ndi onse amene ali panjira kupita kukasaka chakudya cha ana. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.