Usadule miyendo ya nkhwazi

Mphwanga, wadzuka bwanji kumeneko? Zithunzi za mbalame unanditumizira zija ndinaziona usiku womwewo, koma ndinaona kuti kulemba kutalika, ndiye ungomvera mawuwa. Paja wati Loweruka ukupita ku Liwonde eti? Tchera khutu.

Pumbwa uja wamugwira bwino, nthenga zikuchita kuwerengeka. Koma ndikufunse, akutani? Wangoti duu pakatikati ngati chithunzi cha pa chitupa. Munthu ayang'ana kamodzi, "eee, mbalame", basi wadutsa. Chimene ukabwere nacho ku Shire ndi mbalame imene ikuchita kanthu, pamalo poti woona adziwe kuti kunali kuti.

Ndiyambe ndi nkhwazi, poti ndikudziwa ndi imene yakusowetsa tulo. Mu Shire zilimo zambiri, umayamba kumva kulira usanazione. Ikamalira imaponya mutu chagada, mlomo kuloza kumwamba. Pamenepo m'pamene udine batani lojambulira. Nthawi zambiri zimakhala ziwiri, ina ikayamba inzake imayankha, ndiye ukamva yoyamba, kamera ikhale italoza kale pa yachiwiri. Yaikuluko thupi ndiye yaikazi.

Ine nkhwazi inandilizapo. Tili m'boti m'mamawa, inachoka pamtengo wouma n'kudzatsomphola nsomba pafupi ndi ife, madzi mpaka kuti phwaa. Zoom ndinali nditakoka mpaka kumapeto, kufuna kuti idzaze chithunzi chonse. Pokaona madzulo, mutu ulipo, mapiko alipo, diso likuwala bwinobwino, koma miyendo ndadula. Nsomba palibe. Nkhani yonse inali m'zikhadabomo, ine n'kuisiya kunja. Mpaka lero ndikachiona mtima umawawa. Ndiye iwe bweza zoom pang'ono. Zochuluka udzadula pa kompyuta, koma zimene sunajambule sungazibwezeretse.

Komanso siya malo kumene mbalame ikuyang'ana. Ikaloza kumanzere, iyeyo iike chakumanja, kutsogolo kwake kukhale mpata woti ipiteko. Ukaipanikiza mlomo kumphepete imaoneka ngati yatsekeredwa m'khola. Usanadine yang'ananso kumbuyo kwake. Nthambi yooneka ngati yamera pamutu imaononga zonse, pomwe kungosuntha phazi limodzi kukanakwanira.

Za makina ndidutsa mwachangu, ukuzidziwa kale. Mbalame youluka ika shutter, nthawi imene kamera imatsegukira kuwala ija, pa 1/2000 ya sekondi, yotera 1/500 ikwana. Focus pa diso. Diso likapanda kuoneka bwino, chithunzicho taya.

Tsopano, sikuti nthawi zonse uziyandikira ayi. Ukaona akakowa akuyenda m'miyendo mwa njovu kapena njati, akutola tizilombo todzambatuka mu udzu, usajambule kakowa yekha. Lowetsa mwendo wa njovuwo, ngakhale umodzi wokha, kuti munthu aone kuchepa kwa kambalameko komanso chimene kakutsatira. Migwalangwa ija ya m'mbali mwa mtsinje, kapena phiri la Chinguni chapatali, ndi zimene zingauze munthu kuti kuno n'ku Liwonde, osati kuseri kwa nyumba yathu.

Ukapeza nantchengwa akumanga, aaa, wachita mwayi. Chisa chake n'chimulu, chimatha kufika mita imodzi ndi theka, timitengo masauzande. Usamuthamangitse ndi kamera uku ndi uku. Khala, umuone maulendo atatu kapena anayi, uona kuti amabwerera njira yomweyo n'kutera panthambi yomweyo. Loza pamenepo, udikire abwere ndi kamtengo kukamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, agogo ankatero paja. Koma chisa usachiyandikire, ndipo zoliza kulira kwa mbalame pa foni kuti zibwere, kaya zoponyera nkhwazi nsomba, ine sindigwirizana nazo. Ukuisokoneza mbalame, komanso nkhani ukujambulayo yasanduka yabodza.

Ndinakuuzapo kuti uzigona pansi kuti ufanane msinkhu ndi mbalame. N'zoona, koma osati mphepete mwa Shire, wamva? Muli ng'ona ndi mvuu. M'boti uli kale pafupi ndi madzi, ungotsitsa kamera. Ndipo usatsike m'galimoto popanda wokulondolerani kuvomereza.

Dzuwa. Pofika hafu pasiti 5 ukhale uli kale pamalo, dzuwa likhale kumsana kwako. Ikamakwana 9 koloko lakwiya, mutu woyera wa nkhwazi umangoti mbee ngati pepala, nthenga osaoneka. Ukaona choncho tsitsa exposure, kuchuluka kwa kuwala kolowa mu kamera kuja, ndi sitepe imodzi. Madzulo, mwezi uno wa Okutobala utsi wa lupsa wadzaza, dzuwa limalowa lili psuu. Pamenepo tembenuka ulozane nalo, mbalame ituluke yakuda bii, mtengo wouma ndi thambo lofiira kumbuyo.

Mabatire onse awiri utchaje Lachisanu, magetsi sadalirika. Ukabwerako usanditumizire zithunzi 300, bandulo yanga ndi yochepa. Usankhe zitatu. Amayi uwapatse moni.