Boti likasowa pamodzi ndi mwini wake: malangizo kwa oyenda okha panyanja

Omvera athu kuno ku Blantyre, ndi inu amene mukutimvera m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndi ku Monkey Bay, ndakupatsani moni nonse. Lero ndikulankhula ndi munthu amene amakweza matanga n'kunyamuka yekha paboti, komanso ndi mbale wake amene amatsala pakhomo akudikira kuti foni ilire.

Pa 28 Januwale 2007, katswiri wa makompyuta Jim Gray ananyamuka yekha ku San Francisco paboti lake lotchedwa Tenacious, akupita kuzilumba za Farallon zimene zili pafupi ndithu. Nyengo inali yabwino ndipo iye anali wozolowera madzi. Oteteza gombe la Amereka anamusaka, anthu ambiri anadzipereka kuunika zithunzi za setilaiti pa intaneti, koma mpaka lero sipanapezeke ngakhale chidutswa cha botilo. Nkhani ngati imeneyi imandisautsa mumtima, chifukwa banja limasowa ndi manda omwe oti lizikalirapo.

Choyamba chimene ndikufuna mugwiritse ndi ichi: munthu amene ali yekha akagwera m'madzi, palibe wotembenuza boti kuti limubwerere. Matanga amakhala atakwezedwa, makina owongolera amakhala akugwira ntchito, choncho boti limapitirira ulendo ngati kuti palibe chachitika. Boti loyenda makilomita 9 pa ola palibe munthu amene angalipeze posambira, ngakhale atakulira m'madzi. Ndipo kugwa sikudikira namondwe. Anthu amagwa nyanja ili bata, pamene akukonza chingwe kutsogolo kwa boti, pamene mtengo wopingasa wa thanga wawamenya m'mutu mphepo itasintha mwadzidzidzi, kapena pamene aima m'mphepete kuti ataye madzi. Choncho musanatuluke m'chipinda cha boti, valani jekete yoyandamitsa ndi lamba wa pachifuwa, ndipo kolekani chingwe chake pachitsulo cholimba. Chingwecho chikhale chachifupi, choti mukaterereka mugwere m'boti momwemo, pakuti chingwe chachitali chimangokukokani m'madzi m'mbali mwa boti mpaka mphamvu zitatha. Siyaninso makwerero kumbuyo amene mungawatsitse muli m'madzi. Musanene kuti ndine wodziwa. Joshua Slocum, munthu woyamba kuzungulira dziko lonse yekha paboti la matanga pakati pa 1895 ndi 1898, anasowa pamodzi ndi boti lake Spray mu Novembala 1909.

Koma kugwa kwa munthu kawirikawiri kumasiya boti likuyandama, ndipo tsiku lina ena amalipeza. Pamene zonse ziwiri zasowa, tiyenera kuganiza za chinthu chimene chinamiza botilo mofulumira. Panyanja yamchere, sitima yaikulu yonyamula makontena ikhoza kugunda kaboti usiku, antchito ake osamva ngakhale kugwedezeka. Woyenda yekha amayenera kugona, ndipo akagona palibe mlonda. Inu ana athu amene mukugwira ntchito pamaboti ku Durban kapena ku Cape Town, mukakhala panjira ya sitima musagone kupitirira mphindi 20 musanadzuke kuyang'ana mbali zonse, siyani nyali zikuyaka, ndipo yatsani AIS, chida chimene chimaonetsa boti lanu kwa sitima zina n'kukuchenjezani zikamayandikira. Panyanja yathu ngoziyo ndi maboti a injini oyenda usiku opanda nyali ndiponso maukonde a asodzi.

Boti lenilenilo likhozanso kukukhumudwitsani. Mu Okutobala 1992, katswiri wa maboti a matanga Mike Plant ananyamuka yekha ku New York kupita ku France paboti latsopano lotchedwa Coyote. Patatha milungu ingapo botilo linapezeka litagadabuzika, chitsulo cholemera cha pansi pake chimene chimaliimiritsa chitathothoka, ndipo mwini wake sanaonekenso. Chimene chimapweteka pankhani imeneyi n'chakuti chida chake chopemphera thandizo, chotchedwa EPIRB, chinatumizadi uthenga kwa kanthawi, koma chinali chisanalembetsedwe m'dzina lake, motero opulumutsa anachedwa kudziwa kuti wofuulayo ndi ndani. Mukagula chida chimenechi, chilembetseni tsiku lomwelo, onani tsiku lothera batire lake, ndipo chiikeni pafupi ndi khomo, osati pansi pa katundu. Chachiwiri chaching'ono chikhale pajekete yanu, chifukwa chimene chili m'boti sichingakuthandizeni boti likakusiyani. Musanayambe ulendo uliwonse, gwadani muunike mabawuti a pansi, mapaipi onse olowetsa kapena kutulutsa madzi, chiwongolero, ndi paipi ya gasi wophikira.

Za mphepo ndinena mwachidule, chifukwa aliyense wa kunyanja amaudziwa mwera. Umawomba kwambiri m'miyezi yozizira, kuchokera kummwera chakum'mawa, ndipo umautsa mafunde aafupiafupi oima chilili. Mu Julaye 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja yathu ndipo anthu 145 anafa. Ngati sitima yachitsulo inagonja, kaboti ka munthu mmodzi n'chiyani? Nthambi yoona zanyengo, imene likulu lake lili konkuno ku Blantyre, imalengeza machenjezo a mwera. Mukawamva, mangani boti padoko, ulendo mudzayenda mawa. Nyanja yathu m'malo ena ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndipo chomira kumeneko sichibwerera.

Pali chifukwa china chimene anthu sakonda kuchitchula, ndicho thupi ndi maganizo a woyendayo. Matenda a mtima, shuga kapena malungo akamugwetsa munthu ali yekha, boti limangoyenda kumene mphepo ikufuna. Kusowa tulo kwa masiku angapo kumachititsa munthu kuona zinthu zimene kulibe. Boti la Donald Crowhurst, amene ankayenda yekha panyanja, linapezeka lopanda munthu panyanja ya Atlantic mu Julaye 1969, ndipo mabuku amene ankalembamo za ulendo wake anasonyeza kuti anali atavutika kwambiri maganizo. Ngati muli ndi nkhawa yaikulu, ngongole kapena chisoni, ndikukupemphani, tengani mnzanu kapena lekani kaye ulendowo. Mowa usiyeni kumtunda.

Tsopano inu otsala kunyumba, amayi, abambo, achimwene ndi achemwali. Musalole kuti munthu wanu anyamuke ndi mawu akuti ndibwera madzulo. Akulembereni papepala doko limene akunyamukira, njira imene adzere, kumene akagone, mtundu wa boti ndi wa matanga ake, ndiponso ola limene adzakuimbirani. Mugwirizanenso ola lachiwiri, loti likadutsa asanaimbe muyambe kufunafuna thandizo, pokumbukira kuti netiweki imaduka munthu akatalikira gombe. Ola limenelo likakwana musachite manyazi kapena kuopa kuti mukuvutitsa anthu. Pitani kupolisi, imbirani eni ake a doko limene ananyamukira, ndipo pemphani kuti uthenga ufike kwa mafumu ndi asodzi a m'magombe oyandikana, chifukwa iwo ndi amene amakhala pamadzi usiku wonse. Pepala lija mukapereke m'manja mwa apolisi, inu mutasunga chithunzi chake pafoni.