Zimene ana athu ayamba kuchitira anzawo pasukulu

Zikomo amfumu, zikomo anyakwawa nonse, adiretori ndi aphunzitsi, akuluakulu a mipingo, amayi ndi abambo, komanso inu ana mwakhala kutsogoloku. Amene muli kumbuyo uko, mawu anga akapanda kufika mukweze dzanja.

Anzanga a mu Conselho de Escola, komiti yathu yoyang'anira sukulu, andituma kuti ndifotokoze nkhani imene ambiri mwaimva kale, koma mwaimva mbali imodzi. Ena mwa inu mwana anakupemphani kachidutswa ka sopo, ena kope lakale, ena juzi yomuthina, nati akupita nazo kusukulu. Ndiye kumudzi kwamveka zoti aphunzitsi ayamba kusonkhetsa. Ndiyambe ndi kukonza pamenepo. Palibe mphunzitsi walamula zimenezi, ndipo si msonkho. Ayambitsa ndi ana eni ake, a kalasi 7, 8 ndi 9, ataona kuti anzawo ena akujomba ndipo ena asiyiratu sukulu chifukwa chosowa tizinthu timene enafe sititiwerengera n'komwe.

Zimene akuchita ndi izi. Ali ndi katoni imene amasunga mu ofesi, ndipo aliyense amene ali ndi kanthu kotsala amaponyamo: cholembera, labala, yunifolomu imene mwini wake wakula, patapata. Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi makope. Kope la chaka chatha silitha lonse, kumapeto kumatsala masamba oyera. Anawa amang'amba masamba amenewo, kuwasanja, kuwasoka ndi singano ndi ulusi, n'kuika chikuto cha pepala la thumba la shuga kapena la simenti. Likatuluka apo ndi kope loti mwana n'kulembamo masamu mwezi wathunthu. Kuseri kwa makalasi atsegula kadimba, abzala kabichi ndi nyemba, ndipo akufuna kuti zikacha agulitse agule makope atsopano ndi sopo. Pa nthawi yopuma, amene wabwera ndi mbatata yophika kapena chimanga chokazinga sadyera kuseri kwa chimbudzi ngati kale, amakhala pagulu n'kugawana.

Wina afunsa kuti, kodi sukulu si yaulere? Ndi zoona. Lamulo la maphunziro la 18/2018 likuti mwana aliyense m'dziko muno la Mozambique aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo ndalama yolembetsa salipira. Mabuku a ku pulayimale boma limapereka, ndipo pachikuto pake analembapo kuti ndi oletsedwa kugulitsa. Koma lamulo silinagule kope, silinagule yunifolomu, silinaphike phala m'mawa. Ndipo taonani nthawi imene sukulu imatsegulira kwathu kuno. Ndi kumapeto kwa Januwale kulowa Febuluwale, nkhokwe zili pululu, ndalama yonse inapita ku feteleza, fodya sanagulitsidwe, chimanga chili m'munda chisanakhwime. Mwezi umene kholo likufunika kugula zonse za sukulu ndi mwezi womwewo umene likusakasaka ganyu kuti ana agone atadya. Chaka cha 2024 mvula itadula, tonse tinaona momwe zinthu zinathinira, ndipo mabanja ena anagulitsa mbuzi ndi njinga zimene mpaka lero sanabwezeretse. Njala ikangopepuka, Juni ndi Julayi afika. Inu mukudziwa chisanu cha kuno ku Angónia, cha m'munsi mwa phiri la Dómuè, kapena cha ku Tsangano. Mwana wolowa m'mawa wopanda juzi, wopanda nsapato, zala zake zimauma moti cholembera sichigwirika. Ameneyo akajomba timati ndi ulesi.

Tsopano chifukwa chiyani ndikuti ntchito imeneyi ana aigwira bwino kuposa momwe ife tikanaigwirira? Mphunzitsi ali ndi ana ambiri m'kalasi imodzi, ndipo ena amaphunzitsa m'mawa ndi masana omwe. Iye akaitana maina amangoona kuti uje palibe. Chifukwa chake sachidziwa. Amene amadziwa ndi mnzake wokhala naye pa desiki imodzi. Ndiye amaona kuti mnzakeyu akulemba Chipwitikizi, masamu ndi sayansi m'kope limodzi, zilembo zing'onozing'ono kuti lisathe msanga. Ndiye amadziwa kuti malaya amene wavala masanawa avalidwa kale m'mawa ndi mkulu wake, ndipo wachedwa chifukwa amadikira kuti mkuluyo aweruke avule. Ndiye amadziwa kuti wasowa Lachitatu chifukwa anapita kukasenzera anthu matumba a mbatata ya kachewere kumsika. Zimenezi mwana sauza mphunzitsi, sauza amfumu, ngakhale ine sangandiuze. Amauza mnzake pobwerera kunyumba.

Apa ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mwana wosauka saopa kusowa kokha, amaopanso manyazi, ndipo nthawi zambiri chimene chimamuchotsa pasukulu ndi manyaziwo. Ife akulu tili ndi chizolowezi chimene ine ndimadana nacho. Tikapeza kathandizo, makamaka pa 1 Juni, tsiku la ana, timaitana ana amasiye ndi osauka maina awo pamaso pa sukulu yonse, kuwaimika pamzere, kuwapatsa makope awiri, kenako kuwajambula ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ife timapita kwathu tili okondwa. Mwanayo amatsala ndi dzina limene anzake adzamutchula nalo chaka chonse. Ana athuwa akana njira imeneyo, ndipo palibe anawaphunzitsa. M'kalasi iliyonse asankha awiri, mtsikana ndi mnyamata, amene anzawo amawakhulupirira. Wosowa amanong'oneza mmodzi wa iwo, kapena mnzake amamunenera, ndipo chinthucho amachipeza m'chikwama mwake kapena amapatsidwa panjira popanda wina woona. M'kope mwawo amalemba zimene zalowa ndi zimene zatuluka, koma dzina la wolandira salemba.

Ndiye ndikupempheni, amayi anzanga, chifukwa apa tingawaonongere ndife. Mukapereka juzi, mwapereka. Mukadzaiona itavalidwa ndi mwana wa mnzanu kuchigayo kapena pamjigo, musadzanene kuti, "Kodi si juzi ya mwana wanga iyo?" Ngakhale mukuseka, musanene. Mawu amenewo akangofika kwa mayi wake, juziyo siidzavalidwanso, ndipo banja limenelo silidzalandiranso kanthu kuchokera m'katoni muja. Mwana wanu akabwera kunyumba musamufunse kuti sopo uja wapatsa yani. Akakana kukuuzani musati ndi mwano, akusunga chinsinsi cha mnzake.

China chimene achita mwanzeru n'chakuti palibe amene amangolandira chabe. Amene alibe chobweretsa amathirira kudimba, amasoka makope, kapena ngati masamu amamuyendera amathandiza anzake madzulo. Choncho potenga cholembera m'katoni satenga ngati wopemphetsa, akutenga pa zimene nayenso wagwirira ntchito.

Akuluakulu amene muli pano, zimenezi si zachilendo kwa inu. Nthawi ya nkhondo ambiri a m'dera lino tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena ku Mwanza, ndipo dziko la Malawi linasunga anthu athu pafupifupi miliyoni imodzi. Ena mwa abambo mwakhala apa munaphunzira kuwerenga kumeneko, mutavala malaya opatsidwa, mukudya nsima ya pakhomo pa eni. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tinabwerera n'kupeza masukulu ambiri ali mabwinja, ana akuphunzira pansi pa mitengo. Mukukumbukira amene anakupatsani mwaulemu, ndipo mukukumbukiranso amene anakupatsani mokunyozani. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo m'badwo wathu unapulumuka chifukwa anthu ena anawamvera mawu amenewo.

Abambo mundikhululukire, ndinenepo za atsikana, chifukwa tikazibisa ndiye kuti sitinathandize. Mtsikana akakula, mwezi uliwonse amafunika nsalu zoyera ndi sopo. Akasowa amakhala kunyumba masiku atatu kapena anayi, n'kumati mutu ukumupweteka. Muwerengere nokha kuti pachaka ataya maphunziro ochuluka bwanji. Ndipo choopsa si kujomba kokha. Mtsikana amene akusowa sopo ndi mafuta odzola ndi amene amamuona msanga bambo wa pagolosale kapena mnyamata wa njinga yamoto. Amayamba ndi kumugulira tizinthu timeneti, mapeto ake ndi mimba, kenako akuluakulu a banja amakhala pansi n'kuti basi angolowana. Ndikukumbutseni kuti lamulo la 19/2019 limaletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo silikhudza mwamuna yekhayo. Kholo, malume, ngakhale mfumu imene yavomereza ukwati wotere ili ndi mlandu. Ndiponso lamulo lakale la 2003 lija, limene linkatumiza mtsikana wapakati kukaphunzira usiku, linathetsedwa mu Disembala 2018. Mtsikana amene watenga mimba ali ndi ufulu wopitiriza sukulu masana pamodzi ndi anzake. Inu ana, mnzanu akakuululirani kuti wina wamkulu akumuvutitsa, nkhani imeneyo si ya m'katoni. Uzani mphunzitsi wamkazi amene mumamukhulupirira, kapena imbani 116, Linha Fala Criança, nambala yothandiza ana amene ali pamavuto. Nambala imeneyi ndi yaulere.

Atsikana a kalasi 9 ayamba kusoka nsalu za kumwezi zochapa ndi zitenje zakale, koma akusoka pamanja ndipo zikuchedwa. Ndibwereranso pamenepa.

Tsopano ndinene zimene ana sayenera kusenza, chifukwa ndikuopa kuti tingawaombere m'manja lero kenako n'kuwasiyira katundu wathu. Choyamba ndi ndalama. Kabichi uja akagulitsidwa, ndalama isagone m'thumba la mwana wa zaka 14. Tikatero tamuika pachiyeso, ndipo ikasowa ngakhale metikali imodzi tidzamutcha wakuba, gulu lonse n'kupasuka. Ana aziwerenga okha, azilemba okha, azisankha okha chogula, koma yosunga isungidwe ndi akulu awiri, kholo ndi mphunzitsi, ndipo itsegulidwe anawo ali pomwepo. Komanso mwana asajombe kukagwira ganyu kuti apeze choponya m'katoni, ndipo dimba lisadye nthawi ya maphunziro. Amene sanabweretse kanthu asanyozedwe. Ndipo inu ana, musatenge chinthu kunyumba osapempha. Mayi akati sopo watsala mmodzi yekha, mverani.

Pali mavuto ena amene katoni singawathe. Pakhomo pamene agogo okalamba akulera adzukulu asanu, kapena pamene mwana ndiye mutu wa banja, kope silikwanira. Pamenepo pafunika anyakwawa, mpingo, ndi ofesi ya boma ya INAS, imene ntchito yake ndi kuthandiza okalamba, olumala ndi ana osowa owasamalira. Anawo atithandize kudziwa makomo amenewo, koma kukagogoda ku ofesi ndi ntchito yathu. Palinso ndalama imene boma limatumiza kusukulu, ya ADE. Conselho de Escola ili ndi udindo wodziwa kuti yabwera zingati ndipo yagula chiyani, ndipo mu Conselho imeneyo ophunzira ali ndi mpando wawo. Nthawi zambiri oimira ana amangokhala chete pakona, ife akulu tikulankhula. Chaka chino ndikufuna tiziwafunsa iwo poyamba, popeza ndi amene akudziwa chimene chikusowa m'kalasi.

Ndiwachenjezenso akulu anzanga okonda maudindo. Chinthu chikayamba kuyenda bwino timathamangira kusankha wapampando, mlembi ndi msungichuma, tonse akuluakulu, ndipo ana amasanduka otumidwa. Tikachita zimenezo, mwana wosowa uja sadzanong'onezanso munthu, chifukwa adzadziwa kuti nkhani yake ikafika pabwalo. Ntchitoyi ikhale m'manja mwawo. A kalasi 9 akamachoka kumapeto kwa chaka, aphunzitse a kalasi 7 ndi 8 kuti isafere panjira.

Zimene ana atipempha si zambiri. Amfumu, kadimba kaja n'kakang'ono ndipo madzi ali kutali, choncho akupempha kachigawo kudambo kumunsi kwa sukulu. Abambo olima mbatata ya kachewere ndi nyemba, akupempha mbewu pang'ono ndi munthu mmodzi wowaonetsa kabzalidwe, komanso wowathandiza kumanga mpanda chifukwa mbuzi zayamba kale kulowa. Amayi amene muli ndi makina osokera, atsikana aja akupempha Loweruka limodzi pamwezi, nsalu abweretsa okha. Juni asanafike, aliyense ayang'ane m'nyumba ngati muli juzi kapena jekete imene mwana wakula, muichape, mupatse mwana wanu abwere nayo osalembapo dzina. Ndipo tisanabalalike lero tisankhe kholo limodzi losunga ndalama pamodzi ndi aphunzitsi, munthu amene anawo amuvomereze.

Ine ndathera pamenepa. Atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi abwera ndi makope amene asoka kuti muwaone ndi kuwagwira, ndipo amene ali ndi funso awafunse iwowo. Zikomo amfumu.