Triathlon kuchigwa cha Shire: njinga tili nayo kale, nkhani yagona pamadzi

[Kamera ili m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nchalo, m'mamawa. Akabaza akudutsa.]

Mwadzuka bwanji abale anga a kuno kuchigwa, kuchokera ku Thabwa mpaka ku Marka. Taonani achimwene akudutsa apowo. Pakaliyala pakhala mayi, mwana kumbuyo, thumba la ufa pamiyendo. Apalasa choncho mpaka dzuwa kulowa, mawa alawiriranso. Ndiye munthu akandiuza kuti triathlon ndi masewera a azungu ine ndimangoseka, chifukwa gawo lalitali kwambiri la mpikisanowu anthu a kuno amalichita tsiku lililonse, katundu ali pamwamba.

[Pasikirini: kusambira, njinga, kuthamanga.]

Triathlon ndi mpikisano umodzi wa zigawo zitatu zotsatizana. Umayamba ndi kusambira, ukatuluka m'madzi umakwera njinga, ukatsika njinga umathamanga. Wotchi siima. Ukamafunafuna nsapato yako pakati pa nsapato za anzako, nthawi ikupita. Masewerawa, momwe tikuwadziwira leromu, anayambira ku Mission Bay mumzinda wa San Diego ku America mu 1974, ndipo analowa mu Olympics ku Sydney mu 2000. Kumeneko amasambira makilomita 1.5, kupalasa 40, kuthamanga 10. Palinso chilombo china chotchedwa Ironman, chomwe chinayambira ku Hawaii mu 1978: kusambira makilomita 3.8, njinga 180, kenako kuthamanga 42.2. Ku South Africa amachita umenewu mumzinda wa Gqeberha. Tiusiye kaye umenewo, tidzauona tikakula.

Wathu ife oyamba kumene ndi sprint. Mamita 750 m'madzi, makilomita 20 panjinga, makilomita 5 wapansi. Padziwe losambiramo la mamita 25, ndiye kuti uwoloka maulendo 30. Mipikisano ina imakhala ndi mtunda waufupi kuposa pamenepa, ndipo ina imalola anthu atatu kugawana, wina kusambira, wina njinga, wina kuthamanga.

[Kamera ili pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, ikuloza m'madzi.]

Apa ndiye ndichedwepo. Madzi tili nawo ambiri, koma si osambiramo. Mu Shire muli ng'ona ndi mvuu, ndipo palibe wa kuno amene akufunika kuuzidwa zimenezo. Ku Elephant Marsh ndiye musayerekeze. Ndikudziwa pali anyamata amene anakulira m'bwato, amene angandiyankhe kuti "ife timawoloka". Kuwoloka ndi kwina. Wokonzekera mpikisano amakhala m'madzi theka la ola, nkhope ili pansi, sakuona zakutsogolo, ndipo amabwera pamalo omwewo nthawi yomweyo tsiku ndi tsiku. Ng'ona imasunga chizolowezi cha nyama yobwera padooko. Mukhala ngati mukuipatsa pulogalamu yanu.

M'ngalande zothirira mbewu ndi m'madambo namo muli likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odikha, n'kulowa pakhungu munthu asakumva kalikonse. Mukaona magazi mumkodzo pitani kuchipatala, mankhwala ake alipo, dzina lake praziquantel.

Ndiye tisambira kuti? Padziwe lomangidwa. Malo ena ogona alendo ndi makalabu, kuno komanso ku Blantyre, ali ndi maiwe oterewa. Funsani ngati amalola munthu wapadera kulipira n'kusambira, ndipo mukapita ngati gulu nkhani ya mtengo imakambika bwino. Kamodzi pasabata n'kokwanira poyambira. Musalimbane ndi liwiro. Chimene chimagwetsa ambiri ndi mpweya. Amausunga m'chifuwa nkhope ili m'madzi, akadzutsa mutu akufuna kutulutsa ndi kukoka nthawi imodzi, basi wamwa madzi. Tulutsani mpweya nkhope ili m'madzi, mukatembenuza mutu mungokoka. Ine tsiku loyamba ndinawoloka kawiri kokha n'kukakamira khoma ngati buluzi, ana a sukulu akundiyang'ana. Ndipo musasambire nokha, ngakhale padziwe.

Ngati dziwe palibiretu, pali duathlon: kuthamanga, njinga, kuthamanganso. Madzi mulibe. Kunena zoona, kwa ambiri a ku Ngabu, Bangula ndi Nsanje, khomo lolowera ndi limeneli.

[Wofotokoza wakhala pamthunzi, foni m'manja.]

Mpikisano muupeza bwanji? Sadzakulengezerani ndi chimkuzamawu pamsika. Yambani ku ofesi ya zamasewera ku khonsolo ya boma lanu, ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Kumtunda kuli Malawi National Council of Sports ndi Malawi Olympic Committee, omwe amadziwa mabungwe oyendetsa masewera osiyanasiyana. Pa Facebook lembani triathlon kapena duathlon pamodzi ndi dzina la Malawi. Koma njira imene imagwira msanga ndi ya anthu. Pitani kumpikisano uliwonse wothamanga kapena wa njinga, ngakhale Porters Race ya ku Mulanje, mucheze ndi othamanga, akuikeni m'magulu awo a WhatsApp. Nkhani za mipikisano zimayenda m'menemo.

Mukaupeza, musathamangire kutumiza ndalama. Funsani mtunda wa gawo lililonse, ngati kusambirako ndi kwa padziwe kapena kunyanja, ngati pali nthawi imene munthu ayenera kukhala atamaliza mpikisanowo, komanso njinga zimene amalola. Muwerengerenso thiransipoti yanu ndi ya njinga, poti kondakitala sainyamula ulere. Ukasowa mpikisano, anthu khumi okha mukhoza kupanga duathlon yanu pabwalo la sukulu ndi msewu wafumbi wopanda magalimoto ambiri, mutadziwitsa amfumu ndi apolisi.

[Njinga yakuda ya kabaza yaimikidwa, makaniko akumanga mabuleki.]

Za njinga ya mamiliyoni iwalani. Mpikisano woyamba umatheka ndi njinga imene muli nayo, bola mabuleki onse awiri agwire, tcheni chikhale ndi oyilo, matayala akhale opopa bwino. Chotsani khushoni ndi chilichonse cholemera. Kwezani chishalo mpaka bondo lizitsala pang'ono kuwongoka pedulo ikafika pansi. Ambiri timapalasa chishalo chili pansi, n'chifukwa chake maondo amadandaula. Chimene simungachizembe ndi helimeti. Lamulo lake ndi lakuti uimange usanachotse njinga pamalo pake, ndipo usaimasule mpaka njinga itabwerera pamalopo.

Dzipatseni masabata 10 kapena 12. Pasabata, kuthamanga kawiri, njinga kawiri, kusambira mukapeza mpata, ndi tsiku limodzi lopumuliratu. Ngati simunathamangepo, thamangani mphindi ziwiri, yendani imodzi, muzionjezera pang'onopang'ono. Kuno ndi kwa fulati, choncho ngati mpikisano uli kumtunda, zitunda zikakudabwitsani. Amene muli pafupi ndi Thabwa, kwerani pang'ono msewu wopita ku Blantyre m'mawa, koma potsika samalani, malole pamakona aja saseka ndi munthu.

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale wakabaza wamphamvu sanachizolowere. Ukatsika njinga n'kuyamba kuthamanga, miyendo imakhala ngati yobwereka. Minofu yazolowera kuzungulira, tsopano ukuiuza kuti inyamule thupi lonse. Mankhwala ake ndi kuyeserera. Kamodzi pasabata, mukangotsika njinga, thamangani mphindi khumi nthawi yomweyo. Pofika sabata yachinayi miyendo imayamba kumvera.

[Dzuwa lakwera. Wofotokoza akupukuta thukuta.]

Tsopano dzuwa lathu lija. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40. Kuthamanga masana nthawi imeneyo si kulimba mtima, n'kudziputira ngozi. Tulukani kukangoyera, pofika 7 koloko mukhale mwabwerera. Miyezi yabwino kuyamba ndi Juni ndi Julayi. Imwani madzi musanamve ludzu, ndipo tsiku limene mwatuluka thukuta kwambiri sungunulani paketi ya Thanzi, poti thukuta limapita ndi mchere. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi. Mukamva chizungulire, mutu kuwawa, kapena mnzanu akayamba kuyankhula zosamveka, imani, pamthunzi, mumuthire madzi thupi lonse, ndipo akapanda kusintha msanga thamangirani naye kuchipatala. Thupi likatentha ngati malungo, kayezetseni, zothamanga zidikire. Amene muli ndi BP, shuga kapena vuto la mtima, yambani mwaonana ndi adokotala.

Sabata yomaliza chepetsani zonse. Usiku woti mawa ndi mpikisano idyani nsima yanu yamasiku onse, m'mawa phala kapena nthochi ndi tiyi, patatsala maola awiri kapena atatu. Nsapato yatsopano isiyeni kunyumba, idzakutulutsani matuza. Mukafika, yalani kathawulo pambali pa njinga, helimeti pamwamba, nsapato zomasula kale zingwe. Kenako yendani wapansi kuchokera potulukira m'madzi mpaka panjinga yanu, muloweze mzere wake. Ukatuluka m'madzi mutu ukuzungulira, njinga zonse zimaoneka zofanana.

Poyamba kusambira imani kumbuyo kapena m'mbali, amphamvuwo apite kaye, poti pakati pamakhala zigongono ndi zidendene. Mpweya ukakutherani, gonani chagada, mupume, kenako mupitirize. Zimenezo n'zololedwa.

[Wofotokoza akumanga helimeti, akukwera njinga.]

Ine ndikalowere cha ku Ngabu dzuwa lisanakwiye. Amene mukudziwa dziwe limene amalola anthu wamba kuno kuchigwa, tiuzane, gulu lathu likusowa poyeserera Loweruka.