Damu nalo limakalamba: nsomba za m'madamu a ku Britain

[Kanema akuyamba m'mbandakucha, nkhungu ili pamwamba pa madzi. Bambo wina wakhala m'mphepete mwa damu, ndodo yowedzera ili m'manja.]

Moni nonse amene mukuonera. Taonani bambo awa. Alawirira, alipira chilolezo, akhala m'chisanu maola asanu, ndipo tsopano akola nsomba yoti banja lonse lingadye masiku atatu. Aiyeza pa sikelo, aijambula, kenaka aibwezera m'madzi mosamala ngati khanda. Kwa ife amene tinakulira chambo ndi usipa pa nsima, zimenezi zimavuta kumvetsa. Koma ku Britain ndi mmene ambiri amawedzera, ndipo usodzi umenewu amautcha coarse fishing, kutanthauza usodzi wa nsomba wamba.

Dzinali linabadwa m'kusankhana. M'zaka za m'ma 1800, salmon ndi trout zinali nsomba za anthu achuma. Zotsalazo, monga roach, bream, perch, tench, carp ndi pike, ankaziona ngati za anthu wamba, amene ankawedza m'ngalande akaweruka ku fakitale.

Tsono funso lathu lero ndi ili. Ngati nsomba iliyonse ikubwezedwa m'madzi, bwanji damu limene linkatchuka zaka 20 zapitazo lero anthu akubwerako chimanjamanja?

[Chithunzi cha chigwa chimene chikumizidwa ndi madzi.]

Tiyambire pa tsiku limene damu latsekedwa. Madzi amamiza minda, msipu ndi tchire, ndipo zonsezo zimaola n'kusanduka manyowa. Tizilombo ta m'madzi, nyongolotsi ndi nkhono zimaswana mosaneneka, pamene nsomba zikadali zochepa. Ndiye kuti nsomba iliyonse ili ndi nkhokwe yakeyake, imakula msanga ndi kunenepa. Zaka zoyambirira zimenezi ndi zimene agogo a kumeneko amakumbukira akamati kale kunali nsomba.

Manyowa aja akatha, chakudya chimachepa pamene pakamwa pachuluka. Nsomba zimapinimbira. Mungakole roach zambirimbiri tsiku limodzi, zonse zosapitirira chikhatho. Musaiwalenso kuti damu ndi la madzi akumwa kapena a ngalande, si la asodzi. Eni ake akatapa madzi ambiri, udzu wa m'mphepete umene nsomba zinaikirapo mazira umatsala pamtunda n'kuuma.

Koma chimene ine ndimaona kuti anthu ambiri sachimvetsa ndi nkhani ya mibadwo. Roach ndi bream zimaswana cha mu Meyi ndi Juni. Chaka chikakhala chofunda, tiana timakula mokwanira kupirira nyengo yozizira. Chikakhala chozizira, timafa pafupifupi tonse. Motero zimachitika kuti damu lonse likudalira mbadwo umodzi, wa chaka chimodzi chabwino. Nsomba zimenezo zimakulira limodzi, ndipo bream imatha kufika zaka 15 kapena kuposa. Zikafika pachimake, manyuzipepala a usodzi amadzaza ndi zithunzi, anthu amakhamukirako kuchokera kutali. Kenaka zimakalambira limodzi n'kutha, ngati mudzi umene achinyamata onse anasamuka. Madamu a ku Tring, m'chigawo cha Hertfordshire, amene anayamba kumangidwa mu 1802 kuti azithira madzi m'ngalande ya Grand Junction, ndi otchuka ndi bream, roach ndi tench zikuluzikulu, ndipo pa zaka zoposa 200 aona mibadwo yotere ikubwera ndi kupita.

[Chithunzi cha nsomba yaitali, ya mano akuthwa, yabisala m'udzu wa pansi pa madzi.]

Iyi ndi pike, chilombo cha m'madzi a ku Britain. Mu 1992, Roy Lewis anakola pike ya makilogalamu opitirira 21 m'damu la Llandegfedd ku Wales. Palibe anaiposa kwa zaka zoposa 30, mpaka mu 2024 pamene ina, yolemerapo ndi theka la paundi chabe, inatuluka mu Chew Valley Lake, kufupi ndi Bristol. Madamu awiriwa amafanana pa chinthu chimodzi: eni ake akhala akuthiramo trout zoweta kuti anthu aziwedza. Trout yokulira m'dziwe loweteramo ndi yonona ndipo siidziwa mdani. Kwa pike, kumeneko ndi kudya kobwera kokha.

Chodabwitsa n'chakuti chilombo chimenechi n'chosalimba. Mbedza ikalowa m'kati kwambiri, kapena pike ikakhalitsa kunja kwa madzi pojambulidwa, imabwerera m'madzi ikuoneka bwino koma n'kudzafa pambuyo pake. Asodzi a kumeneko ali ndi mawu awo akuti pike imakula bwino ikaiwalidwa. N'chifukwa chake ku Chew masiku owedza pike amachita kuwawerengera, ndipo malo ake amalimbirana. Ine ndimagwirizana nazo kwathunthu, ngakhale ena amadandaula.

Palinso mdani wochokera m'mwamba. Mbalame zakuda zomira m'madzi, zotchedwa cormorant, kale zinkakhala makamaka m'mphepete mwa nyanja yamchere. Mu 1981 zinamanga zisa pa damu la Abberton ku Essex, ndipo kuchokera nthawi imeneyo zachuluka m'madzi a kumtunda. Imodzi imadya pafupifupi theka la kilogalamu patsiku, ndipo imasankha nsomba zimene ingameze. Zazikulu zimapulumuka, chakudya chonse chimatsalira izo, zimanenepa koposa. Ndiye mukamva kuti damu lakutilakuti latulutsa roach yaikulu kwambiri, musafulumire kuwomba m'manja. Funsani kuti zing'onozing'ono zili kuti, chifukwa mwina mukuona otsala a mbadwo wopanda olowa m'malo.

Alendo nawo amasintha zinthu. Mu 1963, nsomba 97 za mtundu wachilendo wa zander, zodya nsomba zinzake, zinathiridwa m'ngalande ya Great Ouse Relief Channel, kum'mawa kwa England, ndipo zinafalikira dera lonselo. Lero Grafham Water, damu limene madzi ake amapopedwa kuchokera mu mtsinje wa Great Ouse, ndi limodzi mwa malo otchuka owedzerako zander. Mu 2010, ku Grafham komweko kunapezeka koyamba m'dzikolo kachilombo kotchedwa killer shrimp, kochokera kudera la Black Sea ndi Caspian Sea. Sikapitirira masentimita atatu, koma kamapha tizilombo tina tomwe tinalimo kale. Perch ndi trout zinayamba kukadya, moti asodzi anayenera kusintha nyambo ndi malo owedzera.

Anzathu a ku Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique nkhani ya mlendo m'damu amaidziwa bwino. Kapenta wa ku Kariba anachita kubwera naye kuchokera ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968, ndipo pambuyo pake anatsika ndi Zambezi mpaka kukakhazikika ku Cahora Bassa.

[Wolankhula akuyang'ana kamera.]

Kwa inu abale amene muli ku England ndi Wales ndipo dzanja likuyabwa kuponya mbedza: aliyense wa zaka 13 kupita m'tsogolo amafunika layisensi ya Environment Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo wogwidwa alibe akhoza kulipa chindapusa chofika £2,500. Pamwamba pa layisensiyo, mufunikanso chilolezo cha eni damu. M'mitsinje usodziwu umatsekedwa kuyambira pa 15 Malichi mpaka pa 15 Juni, pamene madamu ambiri ali ndi malamulo awoawo, choncho funsani musanapite. Nsomba musapite nayo kunyumba pokhapokha mwini damu atakulolani polemba. Mukamachoka, tsukani ukonde ndi nsapato zanu, muziumitse bwinobwino musanakalowe m'madzi ena, chifukwa kachilombo ka ku Grafham kaja kamatha kukhala ndi moyo masiku ambiri mu ukonde wonyowa.